Nanga za tulo mwazisiyiranji?

A mtolankhani, pamene mwalemba kuti achinyamata onenepa kwambiri amavutika kukumbukira zinthu ndi kuika maganizo pa maphunziro, mwadumpha nkhani ya tulo. Mafuta akachuluka m'khosi, njira ya mpweya imatha kutsekeka munthu ali m'tulo, vuto lomwe madokotala amati sleep apnoea. Munthu amasiya kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kambirimbiri usiku umodzi. Kukacha ubongo ugwira bwanji ntchito?

Mng'ono wanga wa ku koleji ankaliza mkonono womveka mpaka pakhonde, kenako zii, kenako n'kudzidzimuka ngati watsamwa. M'mawa mutu waching'alang'ala, m'kalasi kumangosinza. Achibale ankangoti mwana akudya bwino, thupi likumuyanja. Atasiya zakumwa zotsekemera ndi chipisi cha usiku, n'kuyamba kuyenda wapansi m'malo mokwera kabaza, thupi linatsika, mkonono unachepa, kusinza kuja kunatha.

Owerenga anzanga, chonde tisatengere nkhaniyi kunyoza ana onenepa kuti ndi mbuli, zimawapweteka mumtima. Mwana wanu akayamba kuliza mkonono wotere, pitani naye kuchipatala, ndipo akamuyezenso BP ndi shuga.