Ana inu, ndalama za Aroma si mapoto, siyani kuzikwecha

Nkhani iyi ndayilankhula kangapo pamaso ndi pamaso koma mumangoti eya bambo, eya bambo, mukachoka apo nkukachita zomwe zija. Ndiye lero ndalemba kuti wina asadzati sanamve. Ndikunena inu anyamata ndi atsikana athu amene muli kuno ku UK ndipo mwayamba kutolera ndalama zakale za Aroma, za siliva ndi zamkuwa zomwe. Kutolerako sindikukana ayi, inenso ndakhala ndikutolera kwa zaka zambiri ndipo mtima wanga umakondwa kuona ana akwathu akufunsa za mbiri, koma zomwe mukuzichita ndalamazi zikalowa mmanja mwanu zikundipweteka.

Sabata yatha mwana wa mnzanga anabwera kunyumba nkhope ili mwee, akuti bambo taonani mmene ndayiyeretsera. Kutsegula kansalu, sestertius, ndalama yamkuwa, ya Antoninus Pius, mfumu ya Aroma ija inalamulira kuyambira 138 mpaka 161, yomwe inamangitsa khoma lina ku Scotland. Ndalama yaikulu, yolemera bwino mmanja. Ndinayiona ndalama imeneyi tsiku lomwe anagula, inali yobiriwira mwakuda, yosalala ngati tsamba la mango, ndevu za mfumu zikuoneka, kuseri kuli zilembo S C zoimira Senate, nyumba ya malamulo ya Aroma. Iye anakayiviika mu vinega wothira mchere usiku onse, mmawa nkuyipala ndi sitiliwulu. Zomwe ndinagwira mmanja ndi kachitsulo kachikasu kodzadza timaenje ngati kadyedwa ndi chiswe, ndevu zapita, theka la dzina lapita. Ndinangokhala chete kanthawi. Chinthu chagona mdothi zaka zoposa 1,800 osaonongeka, mwana wamaliza usiku umodzi.

Ndikudziwa komwe zikuchokera. Tonse tinaleredwa ndi amayi omwe ankati poto wosawala ndi wa munthu waulesi, timakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka udziwone nkhope. Pa poto ndi nzeru imeneyo. Pa ndalama yakale ndi kupha. Kubiriwira kuja anzathu amati patina, si litsiro, ndi khungu lomwe mkuwa unadzipangira pang'onopang'ono uli pansi, ndipo nthawi zambiri zilembo ndi nkhope zimakhala zasungika mkhungu momwemo, chitsulo chapansi pake chinadyeka kalekale. Ukachotsa khungulo wachotsa chithunzi. Palibe mmisiri angabwezeretse, ndipo wogula aliyense wodziwa akangoiona ikunyezimira choncho amabweza dzanja.

Za siliva nazo musati poti ndi siliva ndiye Brasso kapena mankhwala otsukira mano. Mvetsani kaye mmene Aroma ankachitira. Ndalama yotchedwa denarius ya nthawi ya mfumu Augustus inali pafupifupi siliva yekhayekha, kulemera pang'ono kusakwana magalamu anayi. Nero anayamba kuchepetsako mu 64. Caracalla mu 215 anatulutsa ina yomwe lero timati antoninianus, mumayidziwira chisoti chokhala ngati cheza cha dzuwa pamutu pa mfumu, ankati ndi ya madenarius awiri koma kulemera kwake kunali ngati imodzi ndi theka basi. Pofika nthawi ya Gallienus cha mma 260 ndalama ija inali mkuwa wongopaka siliva pamwamba, siliva wake osafika ndi magawo asanu pa zana. Ife amene tinaona kwacha ikugwa sitifunika kutifotokozera kawiri zimenezi. Ndiye iwe ukatenga ya Gallienus kapena Claudius II yomwe idakali ndi kasiliva kake pamwamba nkuyipukuta mwamphamvu, kasiliva kaja kamatsalira pa nsalu yako. Kanali kopyapyala kuposa khoko la anyezi.

Ngati ili ndi dothi lenileni, iviikeni mmadzi a distilled, omwe aja timathira mbatire ya galimoto, muzisintha madziwo, masiku ngakhale masabata, kenako mswachi wofewa ndi kamtengo kotokosera mmano, pansi pa galasi lokulitsa, pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mukaona kuti sizikuchoka, siyani. Ndalama zambiri zomwe mumagula kwa ogulitsa odziwika zinatsukidwa kale ndi anthu a ntchito yake, sizifuna china chilichonse kwa inu koma kuzigwira mmbali ndi manja ouma.

Chobiriwira chokhacho choyenera kuchiopa ndi chija chimatuluka ngati ufa, chotuwirako, ukachikhudza ndi kamtengo chimayoyoka. Amati bronze disease, chimabwera chifukwa cha mchere womwe unalowa mchitsulo ukakumana ndi chinyezi, ndipo nyumba za kuno nchinyezi chokhachokha. Ukachipukuta chimabweranso, chimadya mpaka kuboola. Yotere ipatuleni kwa zinzake msanga, ikhale pouma ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, mufunse odziwa. Komanso timatumba tapulasitiki tofewa ta PVC tija tayani, timatuluka thukuta lomata lomwe limaononga ndalama. Timaenvulopu tapepala lopanda asidi ntotchipa.

Tsopano kugula. Apa ndiye mukuponyedwa miyala mmaso masana dzuwa likuswa mtengo. Wina wakutumizirani chithunzi pa Facebook akuti denarius ya Tiberius, ija ambiri amati ndi mtundu wa ndalama yomwe Ambuye Yesu anafunsa kuti nkhope iyi ndi ya yani, akugulitsa mapaundi makumi awiri chifukwa akufuna ndalama mwachangu, inu thumba tseku. Yeniyeni imapita mapaundi mazana angapo, ndani angakupatseni pa mtengo wa nkhuku ziwiri? Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Aroma ndalama zawo ankachita kumenya ndi hamala pakati pa zidindo ziwiri, nchifukwa chake sizikhala zozungulira bwinobwino, zina zili ndi timing'alu mmbali. Zabodza zambiri amachita kusungunula chitsulo nkuthira mchikombole, ndiye yang'anani mmbali muona kamzere kozungulira pomwe zikombole zinakumana, pamwamba timatuza, zilembo zofewa ngati sopo wogwiritsa kale ntchito. Zina zili ndi zilembo WRL, zimenezo nzongotsanzira zogulitsa mmashopu a ku myuziyamu, opangawo sanabise, koma ndaonapo munthu atazisunga mu bokosi la veleveti. Gulani kasikelo koyeza mpaka 0.01 ya galamu, muziyeza, muzifananiza ndi kulemera komwe kunalembedwa mmabuku a ndalamazi. Ndipo yambani ndi zazing'ono zamkuwa za Constantine ndi ana ake, zilipo zambirimbiri, mapaundi ochepa chabe, zina pansi pake palembedwa PLN kapena PLON kusonyeza kuti zinasulidwa mu London momwemuno. Diso limaphunzira pa zotchipa.

Chomaliza ndi chomwe chingakulowetseni mndende, ndipo ena mwa inu mapepala anu okhalira kuno simungafune aipitsidwe ndi mlandu. Ndamva kuti alipo agula metal detector, makina ofufuzira zitsulo pansi, nkumalowa mminda ya eni usiku. Munda uliwonse kuno uli ndi mwini, popanda chilolezo chake ndi kuba, ndipo malo otetezedwa ngati Hadrian's Wall, khoma la Aroma kumpoto kwa England, ngakhale kungoyendetsa makinawo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Ku England, Wales ndi Northern Ireland kuli lamulo la Treasure Act la 1996, mukapeza pamodzi ndalama ziwiri kapena kuposa za siliva kapena golide zopitirira zaka 300, kapena khumi zamkuwa, muyenera kukanena kwa coroner, mkulu wa boma woona za chuma chotere, pasanathe masiku 14. Ku Scotland nkokhwima kuposa apa, chakale chilichonse mumanena. Amuna awiri omwe anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking kufupi ndi Leominster mu 2015 nkubisa, mu 2019 anagamulidwa zaka zambiri kundende. Pomwe Dave Crisp, atapeza mtsuko kufupi ndi Frome ku Somerset mu 2010, anaona kuti ichi nchachikulu, anakwiriranso nkuitana a Portable Antiquities Scheme, omwe amalemba mkaundula zakale zomwe anthu apeza. Akatswiri anafukula mwadongosolo, munali ndalama 52,503, mazana angapo za Carausius yemwe anadzilonga ufumu kuno ku Britain. Mtengo wake unaikidwa pa £320,250, anagawana ndi mwini munda, ndipo lero zili ku Museum of Somerset ku Taunton aliyense akutha kukaona. Akanakhala wina wa inu bwenzi atazikhuthulira mchidebe cha vinega.

Sestertius ija mwanayo anafuna kuitaya mbini chifukwa cha manyazi, ndinamuletsa. Ndayiika mu kaenvulopu, ndalembapo dzina la mfumu ndi tsiku lomwe inakwechedwa, ili mu dilowa yanga pambali pa ina ya mfumu yomweyo yomwe sinakhudzidwepo. Amene mwagula yatsopano ndipo manja akukuyabwani, musanatsegule botolo lililonse bwerani Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, mudzazigwire zonse ziwiri.