Chenjezo kwa inu muli m'maiko a eni: mkwiyo wa "wandinyoza" ukubwezetsani

Ana athu amene munapita kunja kukasaka moyo, tcherani khutu. Ena mwa inu mukugona m'chitokosi musanabe kanthu ka munthu. Chokumangitsani ndi pakamwa, chala ndi foni, ati poteteza ulemu wanu.

Kuli maiko kumene munthu akanyozedwa amayembekezeka kubweza yekha, apo ayi banja lonse lachita manyazi. Kwina chachikulu n'kusachititsa mnzako manyazi pagulu, ndipo kwina amati ulemu munthu amabadwa nawo, wokunyoza umamusiyira khoti. Inu mwafika dzulodzuloli, simunafunse kuti kuno amayendera ziti, mwayamba kale kukalipa. Safunsa anadya phula.

Ku United Arab Emirates, lamulo la 2021 la milandu ya pa intaneti limati wotukwana mnzake, ngakhale pa WhatsApp, akhoza kumangidwa kapena kulipitsidwa ma dirham (ndalama za kumeneko) 250,000 mpaka 500,000, ndipo mlendo amatha kuthamangitsidwa. Zoti iye ndiye anayamba sizifafaniza zimene inu mwalemba. Kujambula munthu iye osavomera n'kumuika pa Facebook kuti dziko limuseke ndi mlandunso wina pawokha. Ku Germany, ndime yoyamba ya malamulo aakulu a 1949 imanena za ulemu wa munthu, ndipo kutukwana kuli ndi chindapusa kapena ndende mpaka chaka chimodzi, kapena zaka ziwiri ngati watukwana pagulu. Kuimikira munthu chala chapakati pamsewu kuli m'gulu lomwelo. Ku Thailand, kunyoza mfumu ndi zaka 3 mpaka 15 pa mlandu umodzi. Kumenekonso musagwire munthu kumutu kapena kumuloza ndi phazi.

Koma nkhani yotiwawa kwambiri ndi ya m'nyumba. Inu makolo, mwana akakuyankhani mukuyang'anizana maso, kumaiko ena aphunzitsi amuphunzitsa kuti ndiko kunena zoona, inu mwatola lamba. Sweden inaletsa kumenya ana mu 1979, ndipo maiko ambiri anatsatira. Mwana akapita kusukulu ndi mikwingwirima, mphunzitsi amakanena kwa a zachitukuko cha ana, iwo amabwera kudzafunsa aliyense payekhapayekha, ndipo mwanayo akhoza kukasungidwa kwina nkhani ili mkati. Kunena kuti "ndi mwana wanga" kumeneko sikuthandiza. Chimodzimodzi inu amene mumati mtsikana watichititsa manyazi, timupezere mwamuna msanga. Ku England kukakamiza munthu ukwati ndi mlandu kuyambira 2014, chilango chake mpaka zaka 7, ndipo achibale othandizira nawo sapulumuka, ngakhale ukwatiwo ukachitikire kudziko lina.

Tsono mukanyozedwa chitani izi. Musayankhe tsiku lomwelo, foniyo iikeni pansi. Jambulani uthengawo pa sikirini kuti dzina, tsiku ndi nthawi zioneke, ndipo musafufute kalikonse, ngakhale zanu zomwe. Zikachitikira kuntchito, lembani mawu enieni amene ananenedwa, malo ake ndi amene analipo, n'kupereka dandaulo lolemba kwa abwana, inu n'kusunga kope. Ngati akuopsezani, pitani kupolisi ndi pasipoti ndi chiphaso chanu chokhalira, ndipo pemphani womasulira. Pepala lolembedwa m'chinenero chimene simuchimva musasainire, ngakhale wapolisiyo akumwetulira chotani.