Tizilumba ta pa Kariba si malo otayapo mabotolo

Anzanga a mu Lusaka muno, amene mwezi ukatha timalongedza zakumwa ndi nyama n'kutsika msewu wa ku Kafue kulowera ku Siavonga, ndili nanu nkhani. Yandikhala pamtima kuyambira Loweruka lapitali.

Tinakwera boti pa nyanja ya Kariba ndi ana a mchemwali wanga dzuwa lisanakwere kwambiri. Patangotha ola limodzi, ine sindinkadziwanso kumene tachokera, gombe lonse linkangooneka ngati kamzere kotuwa. Koma bambo amene ankayendetsa botilo sanatulutse mapu, foni yawo inali m'thumba. Ankangoloza ndi mlomo. "Amayi, mwakaona kachilumba kali ndi mtengo umodzi ako? Tikakasiya kudzanja lamanja ndiye kuti tili panjira. Tikakasiya kumanzere tikalowa m'zitsa." Zitsa zimenezo ndi mitengo imene inamira nyanjayi ikudzaza. Ina imaonekera pamwamba, ina inabisala pansi pa madzi, ndipo injini ikagunda pamenepo ulendo watha.

Masana mphepo inatembenuka. Kariba ndi yaitali makilomita oposa 200, ndiye mphepo ikapeza mpata wotere mafunde sachedwa kukula. Bambo aja sanachite phuma. Anatikhotetsera kuseri kwa kachilumba kena kumene madzi anali bata, ndipo mwana wamng'ono, amene anali atayamba kulira, anagona pamiyendo panga jekete loyandamitsa lili m'khosi. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kwa anthu a panyanja, kachilumba ndi chikwangwani cha pamsewu, komanso ndi khonde lousapo mvula.

Tsono chimene tinapeza titakocheza chinandipweteka. Bambowo anatsika okha poyamba kukaona ngati pali ng'ona kapena mapazi a mvuu. Anabwera kudzatenga thumba m'boti, n'kuyamba kutola. Mabotolo a mowa osweka, mbale za pulasitiki, matewera a ana, makala ozima amene wina anaotcherapo nyama. Anatola magalasi limodzilimodzi mumchenga asanalole ana kuponda pansi. Sanadandaule n'kamodzi komwe. Ine manyazi anandigwira, chifukwa zinyalala zotere sizibwera ndi asodzi a kapenta. Zimabwera ndi ife a kutauni.

Mwina ambiri sitidziwa kuti tizilumba timeneti sitinali tizilumba. Tinali nsonga za mapiri a m'chigwa cha Gwembe, khoma la damu lisanatseke Zambezi kumapeto kwa 1958. Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, anasiya minda, midzi ndi manda a makolo awo pansi pa madzi amene timajambulirapo zithunzi lero. Madzi akukwera, nyama zinathawira pamapiri omwewa, ndipo ntchito ya Operation Noah inapulumutsa nyama pafupifupi 6,000. Chilumba china mbali ya Zimbabwe chimatchedwa Fothergill pokumbukira Rupert Fothergill amene anatsogolera ntchitoyo. Kuno kwathu, cha ku Sinazongwe, kuli Chete ndi Chikanka. Pamene ukuponda pa kachilumba, ukuponda pa kadziko kokhako kamene kanatsala ka Atonga aja. Kodi kumudzi kwanu mungalole mlendo aswere botolo pafupi ndi manda a agogo anu?

Chaka cha 2024, madzi atatsika chifukwa cha chilala, ife kuno Kariba tinkaitchula pokhapokha magetsi akazima. Bambo aja anandiuza kuti kwa iwo njira zonse zinasintha. Tizilumba tinakula, miyala imene sanaionepo inatuluka, anachita kuiphunziranso nyanja ngati mwana wa sukulu.

Maganizo anga ndi awa. Eni maboti ndi malo ogona alendo azipereka thumba kwa gulu lililonse lokwera, ndipo mabotolo aziwerengedwa popita ndi pobwera. Woyendetsa boti akati lero sitiima apa, tisamukakamize chifukwa choti talipira. Ndipo mukaima, mufunseni dzina la kachilumbako ndi chimene amakadziwira, ana amve.

Thumba lija tinabwera nalo mpaka ku Siavonga. Potsitsa tinachita kugwirizana awiri, ine ndi bambo aja, chifukwa magalasi anali ataboola pansi.