Walowa bwanji osanena odi?

Ndakwiya, ndipo ndilemba pompano mtima usanazizire.

Loweruka ndinali ku Mufakose, mu Harare, kwa achemwali anga. Mnyamata wawo wa Fomu 4 ali ndi laputopu yakale imene ndinamugulira m'tauni, ndipo ndinafufuta zonse zimene zinalimo n'kuikamo Debian, mtundu wina wa Linux, pulogalamu yaufulu yoyendetsa kompyuta. Ndinachitira dala. Ndimafuna makina oti chilichonse chimene chili m'kati munthu atha kuchiona, kuchiwerenga, ndi kuchichotsa akafuna. Ndinaikamonso browser ina (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) imene mnyamatayo anandipempha. Tsono Loweruka lija ndikuyeretsa makinawo, ndangoona m'foda ya browser muli fayilo imene ine sindinaikemo. Loko wa DRM. Ndamuitana: "Iwe, unadina chiyani apa?" Iye akuti, "Amalume, ine sindinadine kanthu, ndinangotsegula basi." Ndipo ndamukhulupirira, chifukwa palibe paliponse pamene chinthucho chinafunsa. Chinangodzidawunilodera chokha n'kukhazikika.

Abale anga, kwathu munthu akafika pakhomo amati odi, n'kudikira kuti wina ayankhe kuti odini. Ngakhale mfumu imaima panja. Nanga ichi chalowa bwanji?

Amene simukudziwa, DRM ndi kapulogalamu kamene kamatsegula mafilimu ndi nyimbo zokhomedwa, monga za pa Netflix ndi Spotify, kwinaku kakulondera kuti musakopere. Kotchuka kwambiri ndi Widevine, imene Google inagula mu 2010. M'kati mwake simuloledwa kuonamo. Simungawerenge mmene anakalembera, simungakasinthe, simungakakonze. Ndiye taganizani: makina onse ndi a mapulogalamu aufulu, kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenako pakati pakepo pakhala kabokosi kokhoma kamene kiyi wake ali ndi munthu wina kutsidya kwa nyanja. Ndipo kabokosiko sikagwirira ntchito mwini laputopu. Kamalondera mwini laputopuyo.

Akuti eni mafilimu amaopa akuba. Zawo zimenezo.

Nkhani yanga ine ndi ya kufunsa. Sindikuti munthu asaonere Netflix. Achemwali anga akafuna filimu, aonere, ndi ufulu wawo. Koma afunsidwe. Auzidwe kuti taonani, kuti izi zitheke pafunika kapulogalamu kotseka, mukukafuna kapena ayi? Akavomera, kalowe. Akakana, kakhale kunja. Chovuta n'chiyani pamenepa? Browser ya Firefox pa Linux imabwera DRM ili yozima, ndipo ukafika pa tsamba lofuna lokoyo imayamba yakufunsa. Ndiye kuti kufunsa n'kotheka. Amene safunsa achita kusankha kusafunsa.

Ndipo si koyamba. Mu 2015 anthu a Debian anatulukira kuti browser ya Chromium ikumadawuniloda yokha kachidutswa kotseka komvetsera mawu oti "OK Google", popanda kuuza munthu. Anthu anachita phokoso mpaka kanachotsedwa. Mozilla, imene imapanga Firefox, italengeza mu 2014 kuti ilola DRM mu Firefox, a Free Software Foundation, bungwe lolimbikitsa mapulogalamu aufulu, anadzudzula poyera. W3C, bungwe logwirizanitsa mmene masamba a pa intaneti amagwirira ntchito, itavomereza EME mu 2017, njira imene malokowa amalumikizirana ndi browser, bungwe la EFF, lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti, linatulukamo mu W3C. Anthu amenewa sanali amisala. Ankaona kumene tikupita, ndipo tafika, mpaka m'chipinda cha mwana wa sukulu ku Mufakose.

Wina andiuza kale kuti aaa, n'kakang'ono, ndiponso amakatsekera pakokha kuti kasakhudze zina. Kakang'ono? Mlendo wolowera pawindo, ngakhale akhale wamfupi bwanji, walowerabe pawindo. Kutsekeredwako ndi bwino, sindikukana, koma sikusanduka chilolezo. Chilolezo amapereka ndi mwini nyumba. Ine sindinapereke, mnyamata uja sanapereke, achemwali anga sanapereke.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja amalemba mawu okoma, ufulu, chinsinsi chanu, chitetezo chanu. Ukang'amba upeza zimene sanakuuze. Ndiye chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi: ine ndi amene ndimauza anthu ku Highfield ndi ku Mabvuku kuti bweretsani makompyuta anu akale, ndikuikireni Linux, mudzakhala eni ake enieni. Ndimalankhula motsimikiza. Lero mayi wina akandifunsa kuti achimwene, paja munati mulibe chobisika m'menemu, ndiyankha chiyani? Mawu anga asanduka bodza chifukwa cha fayilo imene sindinaitane.

Ndinakachotsa, inde. Ndinazimanso pamene pamalola kuti kabwerenso. Koma kuti ndipapeze pamenepo ndinafufuza m'masetingi, ndipo ine ntchito yanga ndi yomweyi. Nanga agogo a ku Tafara amene mdzukulu wawo anawasiyira laputopu kuti azilankhulana ndi abale ku Blantyre? Iwo adzadziwa bwanji kuti muli mlendo m'nyumba?

Ndipo khalidwe limeneli lafalikira paliponse. Foni usiku ikudzidawunilodera zinthu, m'mawa ukudzuka bandulo yatha. Data kuno sititola pansi, timagula ndi madola amene tawakhetsera thukuta. Magetsi akabwera pakati pa usiku munthu umafuna utchaje, utumize ntchito ya mawa, osati makina ayambe kukoka zawozawo zimene sunapemphe. Amene amalemba mapulogalamuwa amaganiza kuti aliyense ali ndi intaneti yosatha ngati kwawoko. Mwezi watha mnyamata yemweyu analephera kutumiza ntchito ya kusukulu chifukwa foni inadya bandulo yonse ya mlungu usiku umodzi, amayi ake mpaka anakakongola kwa aneba.