Mafuta kuthera pamsewu si ngozi ayi, tisamanamizane

Abale ndinene zakukhosi, nkhaniyi yandisowetsa mtendere kuyambira Lachisanu lapitali ndipo ndikapanda kuilemba pano ndidwala nayo.

Tinanyamuka mu depoti ku Lilongwe cha m'ma 5 koloko madzulo, ine ulendo wa ku Ntcheu kokaona amayi. Minibasi yodzaza bwinobwino, anayianayi, matumba pansi pa mipando, pafupi ndi ine mayi wina ali ndi khanda pamiyendo. Tisanatuluke m'tauni adraiva anakhotera pa filing'i, ine ndinali mpando wachiwiri ndiye ndinaona ndi maso angawa ndalama imene kondakitala anapereka, sinali ndalama yoti galimoto n'kufika nayo ku Ntcheu ayi, ngakhale pa Dedza penipenipo zinali zokayikitsa. Kanyali ka mafuta kaja kanali kakuyaka pomwe timalowa pa filing'ipo, kanazima pang'ono, titangodutsa Nathenje kayakanso. Bambo wina amene anakhala kutsogolo anafunsa mwaulemu ndithu kuti "adraiva, mafutawa atifikitsa koma?" Iwo akuti "musadandaule madala, galimotoyi ndimaidziwa." Tawoloka Linthipe, mdima wagwa kale, tili pakati pa chitunda, injini inangotsokomola kawiri basi n'kuzima.

Pamalopo panalibe popatukira pabwino, matayala awiri anali kunja awiri ali pa tala, ndiye kuti theka la galimoto lili mumsewu wa M1 usiku, anthu tili phwamwamwa mkatimo. Thirayango analibe ngakhale imodzi. Kondakitala anathyola nthambi ziwiri zitatu n'kuziponya kumbuyo, mapazi khumi okha kuchokera pomwe panali galimoto. Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi ichi: mnyamatayo anawerama n'kusolola chigubu cha malita 5 pansi pa mpando, pamodzi ndi kabotolo kodula pakati kothirira mafuta, zonse zili chire kudikira nthawi yake. Munthu uyu chigubu amayenda nacho tsiku lililonse koma thirayango alibe. Ndiye wina andiuze kuti zinangochitika mwadzidzidzi? Amadziwa kuti mafuta awathera, chimene samadziwa ndi malo ake chabe.

Ine ndinakuwa kuti titsike tonse, ena amakana eti kunja kukuzizira. Titsike abale! Tinakaima m'munda mwa eni ake kuseri kwa ngalande, ndipo sipanathe mphindi khumi thiraki ya matayala ambirimbiri inatulukira kumbuyo ili ndi mphamvu zokwerera chitunda, inaponda nthambi zija ngati palibe kanthu, huta mpaka m'makutu kuwawa, n'kukhotera mbali inayo komwe mwamwayi kunalibe galimoto yobwera. Mphepo yake minibasi inachita kugwedezeka. Mayi wa khanda uja anangokhala pansi m'mizere n'kuyamba kulira.

Nditafika ndinamuyimbira mlamu wanga amene amakhala ku Germany, timacheza pa WhatsApp kawirikawiri, ndikumufotokozera iye anangoti kwawo kumeneko draiva ameneyo akanalipira chindapusa. Ndinayesa akunena za thirayango, akuti ayi, mafuta enieniwo. Pa misewu yawo ikuluikulu ija amati Autobahn lamulo limaletsa kuima, ngakhale m'mbali mwa msewu momwe munapangidwira galimoto zowonongeka, ndime 18 ya malamulo awo apamsewu ndi imene imanena zimenezi. Amakumvetsa pokhapokha chakuimitsa ndi chinthu choti sukanachipewa, tayala laphulika, injini yafa, mwina wadwala mwadzidzidzi. Koma mafuta amati ayi, geji ili pamaso pako, kanyali kanakuchenjeza, mafiling'i unawadutsa ukuwaona, ndiye kuima kwakoko wachita kufuna. Chindapusa chake chimayambira pa ma euro 30, ukakhalitsapo kupitirira mphindi zitatu amawerengera ngati wapaka galimoto pa Autobahn ndipo chimafika ma euro 70, ndipo ngati wachititsa ngozi pamenepo ndiye nkhani imakula kuposa apa. Ku Britain nakonso buku lawo la Highway Code, lamulo nambala 97, limanena poyera kuti usananyamuke uonetsetse kuti mafuta ndi okwanira ulendo wako makamaka ngati udutsa pa motorway.

Ndalama ya chindapusayo kwa munthu wa ku Germany si yambiri, chimene chandigwira mtima ine ndi maganizo ali kuseri kwakeko. Iwo anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife kuno timaziika m'thumba limodzi. Galimoto kuwonongeka ndi china, kutha mafuta ndi china. Ife zonse timati "yafa", "yatikanika", "ndi bulekidauni", ngati kuti yagwidwa ndi matenda, anthu n'kumamumvera chisoni draiva, ena mpaka kutsika kukankha nawo. Galimoto yopanda mafuta sinafe ayi, mwini wake waimana chakudya akudziwa.

Ndipo anthu ambiri sadziwa chimene chimachitika injini ikazima galimoto ikuyenda. Mabuleki a galimoto zazing'onozi ndi maminibasi amathandizidwa ndi injini, ikazima umaponda kamodzi kawiri bwinobwino kenako buleki imalimba gwa ngati ukuponda mwala. Chiwongolero nacho chimalemera, pamafunika mphamvu za manja awiri kuti ukhote. Tsono taganizani zimenezi zikuchitikireni mukutsika Chiweta, kapena m'makona a pakati pa Dedza ndi Ntcheu kuli nkhungu ija ya mwezi wa June yoti suona kutsogolo. Ife tinachita mwayi inazima tikukwera, ndipo ngakhale pamenepo kondakitala anachita kudumpha kukaika mwala kuti isabwerere m'mbuyo. Ya dizilo ikatha mafuta imamwa mpweya, kuthira chigubu sikokwanira, mpaka apope kaye atulutse mpweyawo, nthawi yonseyo galimoto ili pamsewu. Ya petulo nayo pampu yake imakhala m'thanki ndipo imazizira ndi mafuta omwewo, kuyendera madontho tsiku ndi tsiku ndi kuipsereza pampuyo, ndiye ndalama imene akuti akusungayo imakathera kwa makaniko.

Za nthambizi nazo tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Nthambi yoikidwa mapazi khumi kumbuyo, usiku, yosawala ngakhale pang'ono, imampatsa draiva wobwerayo nthawi yosakwana sekondi, asanasunthe n'komwe phazi kupita pa buleki wafika kale. Tonse tamvapo pa wailesi, "galimoto inawomba thiraki imene inaima pamsewu", ndipo timangoti pepani anamfedwa osafunsa kuti thirakiyo inaimiranji pamenepo, inakhalapo maola angati, inaika chizindikiro chanji. Nthambizo akachoka sachotsanso, zimatsala pamsewu masiku atatu mpaka madraiva anazolowera kuti nthambi sizitanthauza kanthu.

Ndikudziwa ena munayamba kale kulemba kuti iwe usatiyerekeze ndi azungu. Mukunena zoona mbali ina ndipo sindikukutsutsani. Autobahn ili ndi mpata wonse wa galimoto m'mbali, ili ndi mafoni angozi makilomita awiri aliwonse, mafiling'i ake mafuta amapezeka usana ndi usiku. Kuno taona zimene taona kuyambira 2022, kugona pamzere masiku awiri, kufika pa pampu n'kuuzidwa kuti atha, kwacha kugwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zogulira mafuta kusowa, mathanka kuchedwa kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Munthu amanyamuka ku Blantyre ndi hafu thanki akuganiza kuti akawonjezera pa Zalewa, apeza palibe, pa Balaka palibe, pa Ntcheu mzere wafika kutali. Pamwamba pa apo bungwe loyang'anira za mafuta la MERA linaletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo pofuna kuthana ndi mavenda, ndiye munthu woona mtima amene mafuta amuthera panjira akapita pa filing'i ndi chigubu amabwezedwa, amakathera kwa mavenda omwewo, mtengo kawiri, mwinanso osakaniza ndi palafini. Munthu wotereyu kumulipiritsa chindapusa chifukwa thanki yauma ndi nkhanza, ndipo ine sindingavomereze. Boma limene lalephera kubweretsa mafuta lilibe nkhope yolangira nzika chifukwa chosowa mafuta.

Koma tisabisale kuseri kwa vuto limeneli. Tsiku limene ife tinakaima m'munda mwa eni ake mafuta analipo pa filing'i, panalibe mzere, tinathira ife tomwe. Ndipo khalidwe la chigubu pansi pa mpandoli silinayambe 2022, ndinalipeza ndili mwana wasukulu. Chimachitika n'choti mwini minibasi amafuna tageti yake madzulo, draiva ndi kondakitala amadya zotsala, ndiye safuna kusiya mafuta m'thanki oti mawa adyerere wina, amathira a ulendo umodzi wokha, mwinanso osakwana, akuyembekeza kuti atolera za okwera panjira awonjezere kutsogolo. Ndikumvetsa kuti anyamatawa akuvutika, oitanira adye pomwepo, zolipira pa toll gate ya Kalinyeke ndi Chingeni zichoke pomwepo. Koma njuga imeneyi akubetcha ndi miyoyo ya anthu 16 amene alipira ndalama yonse ya ulendo wonse. Ine sindinalipire theka. Mayi uja sanalipire kuti akafike pa chitunda cha Linthipe.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Galimoto iliyonse yonyamula anthu olipira, minibasi, basi, masiyenta omwewa, ikatha mafuta pamsewu waukulu ukhale mlandu, ndipo chindapusa chisagwere draiva yekha, mwini galimoto alipire gawo lalikulu chifukwa ndi iye amene amaika tageti yosasiya malo a mafuta. Akangolipira kawiri muona okha ayamba kunena kuti galimoto yanga isatuluke m'depoti geji ili pansi pa kota. Apolisi apamsewu amatiimitsa kangati pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, amayang'ana laisensi, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), inshuwalansi, kuwerenga mitu ya anthu, nanga kusuzumira pa geji kungawatengere masekondi angati? Wapolisi aone kanyali kakuyaka galimoto yodzaza anthu ikulowera kumene kulibe filing'i, aibweze ikathire kaye. Ndipo azifunsa thirayango kuti aione ndi maso, ziwiri, zowala, osati kungomva kuti zili kumbuyo.

Kwa munthu wa galimoto yake amene mafuta amuthera, ine ndikuti asalangidwe chifukwa cha thanki, alangidwe chifukwa cha mmene waisiyira galimotoyo. Injini ikayamba kudukiza umakhala ndi kanthawi, yatsa mahazadi, tuluka mumsewu pomwe ikadali ndi liwiro, ngakhale kulowa m'udzu, ika thirayango patali ndithu osati pa bampala, tsitsa anthu onse aime kutali ndi msewu mbali imene kulibe galimoto. Amene wasiya galimoto pakati pa msewu usiku popanda chizindikiro n'kupita kukasaka mafuta, ameneyo wasiya msampha ndipo lamulo limuone choncho. Ndipo a MERA apeze njira yoti munthu amene wathedwa mafuta panjira athe kugula malita asanu m'chigubu mosavuta, chifukwa galimoto ikakhala pamsewu ola lina lowonjezera ndi ola lina loti wina afe. A Roads Authority nawo, ndalama za ma toll gate tikulipira kuyambira 2021, m'mbali mwa M1 m'malo ambiri tala inadyeka mpaka pamzere wachikasu, pena pali chiphompho choti ukatsitsako tayala galimoto igubuduka. Munthu angapatuke bwanji pomwe palibe popatukira? Lamulo la ku Germany limagwira ntchito chifukwa msewu wake unamangidwa ndi malo othawirako.

Ifenso okwera tili ndi mbali yathu ndipo izi zimandipweteka. Bambo uja atafunsa za mafuta palibe anamuthandiza, wina kumbuyo anachita kunena kuti "madala musatichedwetse, ngati mukuopa tsikani." Anthu timachita manyazi kufunsa, timaopa kutukwanidwa ndi kondakitala, timaona ngati kuyang'ana geji ndi ntchito ya draiva yekha. Tikanalankhula anthu asanu pa filing'i paja kuti onjezani mafuta apo ayi tibwezereni ndalama zathu, akanawonjezera, ndalama anali nazo m'manja, zathu zomwe. Bambo ameneyo ndi amene pambuyo pake anaima kutali kumbuyo ndi tochi ya foni yake akukupiza kuti magalimoto achepetse liwiro, munthu wamkulu wa imvi, kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha malita atatu amene wina anakana kuthira.

Kondakitala anabwera patatha ola ndi theka ali pa njinga yamoto, mafuta ogula kwa mavenda, anathira ndi kabotolo kaja, anatipempha amuna kuti tikankhe chifukwa batire linali litafooka ndi mahazadi. Palibe anapepesa. Tinafika pa Ntcheu cha m'ma 11 usiku, amayi atandiyimbira kasanu, mayi wa khanda uja anasowa chomufikitsa kumudzi kwawo anakagona pakhonde la sitolo kudikira kuche. Ine ndikutsika ndinamuona mnyamata uja akutseka chigubu chija bwinobwino, n'kuchibwezera pansi pa mpando pomwe anachitenga.