Ku Kerala pitani chifukwa cha mitsinje ndi mapiri, mchenga tili nawo kale

Amene mukusunga ndalama zoti tsiku lina mukaone India, maganizo anga ndi akuti muyambire ku Kerala, chigawo chopyapyala chomwe chagona m'mbali mwa nyanja yamchere ya Arabia, kummwera chakumadzulo kwa dzikolo. Koma musakopeke ndi zithunzi za magombe. Munthu amene anasambapo ku Chintheche kapena ku Cape Maclear, gombe la Kovalam, lotchuka ku Kerala, silingamudabwitse. Mafunde ake ndi aukali, ndipo pali malo pomwe madzi amakokera munthu pakati, n'chifukwa chake mbendera yofiira ikaimikidwa simuyenera kulowamo ngakhale mpaka m'chiuno. Chimene Kerala ali nacho chosowa kwina ndi moyo wa pamadzi a kumtunda, komanso mapiri omwe ali kuseri kwake.

Choyamba kumvetsa ndi kukula kwake. Kerala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, koma kalembera wa 2011 anapezamo anthu oposa 33 miliyoni. Ndiye kuti tauni ikatha, ina yayamba, ndipo msewu sukhala wopanda galimoto. Kuchokera mumzinda wa Kochi, womwe uli m'mbali mwa nyanja, kupita ku Munnar, tauni ya kumapiri, ndi makilomita pafupifupi 130, koma muwerengere maola anayi chifukwa cha kuthithikana komanso makona a m'phiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaona mapu, n'kulemba malo asanu ndi awiri m'sabata imodzi, tchuthi chonse n'kuthera pampando wa galimoto. Masiku asanu ndi atatu amakwana malo atatu basi: Kochi, Munnar ndi Alappuzha.

Nyengo ndi nkhani yaikulu kuposa mtengo wa tikiti. Mvula ya kumeneko imayamba chakumayambiriro kwa Juni mpaka Sepitembala, kenaka ina yocheperako mu Okutobala ndi Novembala. Nthawi yabwino ndi Disembala mpaka Febuluwale, ngakhale kuti pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano mitengo ya malo ogona imakwera koopsa. Malichi mpaka Meyi kumatentha chinyontho chokhachokha, thukuta losauma. Alipo amene amalimbikitsa kupita nthawi ya mvula poti zinthu zimatchipa, koma kumapiri ine sindingalangize zimenezo. Mu Ogasiti 2018 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ndipo bwalo la ndege la Kochi linatsekedwa masiku angapo. Pa 30 Julaye 2024 napolo anakokolola midzi kudera lamapiri la Wayanad usiku anthu ali m'tulo, n'kupha oposa 200. Amene anaona za Freddy ku Mulanje ndi ku Phalombe akudziwa kuti phiri lokhuta madzi si lochita nalo masewera.

Tsopano za Alappuzha, komwe kuli mtima wa ulendowu. Kumeneko mitsinje, ngalande ndi nyanja ya Vembanad zinalukana, ndipo anthu amakhala pa timizere ta nthaka pakati pa madzi. Kudera la Kuttanad mpunga umalimidwa pansi pa mulingo wa nyanja, madzi atatchingidwa ndi zipupa zadothi, moti uli m'boti umayang'ana munda chotsetsereka. Maboti ogonamo alendo, otchedwa kettuvallam, kale ankanyamula mpunga, ndipo matabwa ake ankamangidwa ndi zingwe za makoko a kokonati, popanda msomali.

Zimene otsatsa sanena ndi izi. Mumakwera cha m'ma 12 koloko masana, n'kutsika 9 koloko m'mawa mwake, koma pofika cha m'ma 5:30 madzulo boti limaima n'kumangidwa pagombe kuti asodzi aponye maukonde. Kuyenda kwenikweni ndi maola ochepa chabe, ena onsewo muli malo amodzi ndi udzudzu. Maboti ambiri a mtengo wapakati amayatsa makina oziziritsa chipinda usiku wokha. Musanalipire funsani zinthu zitatu: makinawo amayaka nthawi yanji, boti likagona pati, ndipo chakudya chili m'mtengo womwewo kapena ayi. Ngati n'kotheka kalioneni ndi maso anu padoko, chifukwa chithunzi chimakhala cha boti lija lidakali latsopano.

Komanso boti lalikululo silikwana m'ngalande zazing'ono, momwe muli zokoma zonse: mayi akumenyetsa zovala pamasitepe a mwala olowera m'madzi, ana ovala yunifolomu akudikira bwato la kusukulu, bambo akukusa abakha mazanamazana ali m'kabwato. Kuti muone zimenezi lipirani bwato laling'ono m'mamawa, kapena kwerani boti la boma lonyamula anthu wamba kuchokera ku Alappuzha kupita ku Kottayam, ulendo wa maola awiri ndi theka pa mtengo wochepa zedi. Kwa amene thumba lili lopepuka, zimenezi zikuposa kugona m'boti. Kusamba kokha m'madzi oimawo ndi m'maiwe pewani, chifukwa zaka zaposachedwapa kwapezeka matenda oopsa a muubongo omwe kachilombo kake kamalowera m'mphuno.

Chakudya chake sichachilendo kwa ife monga mungaganizire. Chinangwa chophika, chomwe amati kappa, amadyera nsomba ya tsabola wofiira, ndipo munthu wa ku Nkhata Bay angadzimve ngati ali kwawo. Nsomba yawo yotchuka, karimeen, ndi ya banja limodzi ndi chambo, ndipo amaikulunga m'tsamba la nthochi pamodzi ndi anyezi ndi zokometsera, n'kuiwotcha. Nyama ya ng'ombe imadyedwa poyera, mosiyana ndi madera ambiri a India, popeza Asilamu ndi Akhristu ndi ochuluka. Kulinso kallu, uchema wa mtengo wa kokonati, womwe m'mawa umatsekemera koma pofika madzulo wawawasa. Tsabola ndi wambiri, choncho neneranitu. Ndipo pa 1 mwezi uliwonse mowa sugulitsidwa m'malo ambiri.

Munnar ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mulingo wa nyanja, minda ya tiyi ngati ku Thyolo koma yotsetsereka kwambiri, ndipo usiku mu Januwale pamafunika juzi. Paki ya Eravikulam, komwe kuli mbuzi zam'tchire za m'mapiri komanso phiri la Anamudi la mamita 2,695, imatsekedwa mu Febuluwale ndi Malichi nyamazo zikamaswa. Masiku awiri akwana.

Fort Kochi, dera lakale la mzinda wa Kochi, ndi woyenda wapansi. Vasco da Gama, atadutsa gombe la Mozambique ndi ku Malindi, anafika pafupi ndi Kozhikode, kumpoto kwa Kerala, mu 1498 akufuna tsabola wakuda. Anamwalira ku Kochi mu 1524, n'kuikidwa m'tchalitchi cha St Francis, mafupa ake asanatengedwe kupita ku Portugal. Malo a mandawo akuonekabe pansi m'tchalitchimo. Chapafupi pali sunagoge wa Ayuda wa mu 1568, ndi maukonde akuluakulu achitchaina omwe amuna angapo amatsitsa ndi kukweza ndi miyala yolendewera pazingwe. Akachisi ena, monga wa Guruvayur, amalola Ahindu okha, choncho musataye tsiku kupitako.

Za mapepala: viza ya pa intaneti ifunsireni patsamba la boma la India lokha, osachepera masiku anayi musananyamuke, chifukwa pali masamba onyenga omwe amalipiritsa kawiri. Popeza ndege zambiri zochokera ku Lilongwe ndi Blantyre zimadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, kenaka Mumbai, nyamulani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, ndipo funsaninso ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe za katemera wa poliyo. Mapulagi athu a mano atatu amakona salowa m'masoketi awo a mabowo ozungulira, ndiye gulani cholumikizira. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka.

Pakati pa matauni a m'mbali mwa nyanja sitima yapamtunda ndiyo yabwino: kuchokera ku Ernakulam, komwe kuli masiteshoni a mzinda wa Kochi, mpaka Alappuzha ndi pafupifupi ola limodzi. Onetsetsani bwino tikiti, chifukwa Ernakulam ili ndi masiteshoni awiri, Junction ndi Town. Ndipo mukamva kuti mawa kuli hartal, kutanthauza sitiraka yoitanidwa ndi zipani kapena mabungwe, sitolo zimatsekedwa ndipo mabasi ndi matakisi ambiri sayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Usiku wotsiriza kagoneni ku Kochi komweko, osati kuphiri, popeza bwalo la ndege lili pa mtunda woposa ola limodzi ngakhale kuchokera ku Fort Kochi.