Nsapato za kuno zimakutembenukira Januwale akafika

Abale anga amene mukubwera ku Scotland kudzasamalira okalamba, za jekete aliyense akuuzani. Za kunsi kwa nsapato palibe amene amatchula, mpaka tsiku lomwe mudzagwe chagada podikirira basi, anthu akuonerera.

Amene amandipsetsa mtima ndi eni masitolo. Amakugulitsa nsapato ya ubweya m'kati, mapaundi ambirimbiri, atalembapo kuti ndi ya nyengo yozizira, chonsecho kunsi kwake ndi pulasitiki. M'sitolo muja mumakhala motentha, ukaipinda imapindika bwinobwino. Ukangotuluka nayo kutazizira kufika pa madigiri 0, imauma gwa! Nsapato imagwira pansi chifukwa labala wofewa amalowerera m'timakwinya ta msewu. Akauma amangokhudza pamwamba, basi phazi ulendo. A magalimoto anazidziwa kale izi, matayala awo a nyengo yozizira amapangidwa ndi labala wosauma kukazizira kupitirira madigiri 7 kupita pansi. Nanga ife oyenda wapansi tinalakwanji?

Kuno ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, sikuzizira ngati ku Canada ayi, ndipo vuto lagona pamenepo. Ayezi wa pa -20 ndi wouma, nsapato imagwirako. Wathu kuno amangosewera pafupi ndi 0, masana kusungunuka, usiku kuuma, pamwamba pake kamadzi kopyapyala. Eni dziko amati black ice. Sumuona n'komwe, msewu umangooneka ngati wanyowa. Bola makande a ku Chikwawa m'dzinja, amakuchenjeza ndi maso.

Mchere wosungunulira ayezi amathira, sindikukana, koma amayambira misewu ikuluikulu. Tinjira ta kunyumba za agogo, timene timapondamo kusanache, nthawi zambiri timakhala topanda mchere. Kampani yomwe ndimagwirako imafuna nsapato zakuda zotseka, zogula wekha. Ukayenda monyang'ama ngati penguin, mbalame yoyenda pa ayezi (ndi malangizo a azaumoyo amenewo, musandiseke) n'kuchedwa pang'ono, foni yayamba kulira. Mnzanga anathyoka mkono pa masitepe a nyumba ina, funso loyamba la abwana linali lakuti shifiti ya madzulo akwanitsa kapena ayi.

Pano ndimavala tizitsulo tija tomangirira kunsi kwa nsapato. Pa ayezi timaluma ndithu, koma pa matailosi timaterera kuposa ayeziyo. Ndiye khomo lililonse vula, potuluka vala, zala zitachita dzanzi, ndipo mphindi zimenezo palibe amene amakulipira.